Sean Scully wa ku Ireland: zaka zoposa 50 akujambula mizere, kodi ndi luso kapena ndi kubwereza chinthu chimodzi?

Nachisale: Moni nonse a m'gulu lino. Tinagwirizana kuti mwezi uno tikambirane za akatswiri ojambula ndi penti ochokera ku Ireland, ndipo ine ndasankha kuti tiyambe ndi Sean Scully, chifukwa dzina lake lafika patali kuposa la anzake ambiri, komanso chifukwa ndikudziwa kuti ntchito zake sitigwirizana nazo mofanana. Scully anabadwira mumzinda wa Dublin pa 30 Juni 1945 m'banja losauka, ndipo mu 1949 makolo ake anasamukira naye ku London. Ali mnyamata analowa ntchito yosanja zilembo pamalo osindikizira, madzulo n'kumapita kukaphunzira kujambula. Anaphunzira pa Croydon College of Art kuyambira 1965 mpaka 1968, kenako pa Newcastle University mpaka 1972, anakhalako chaka chimodzi ku Harvard, ndipo mu 1975 anakakhazikika ku New York. Kawiri konse, mu 1989 ndi mu 1993, anali pamndandanda wa opikisana pa mphotho ya zaluso ya ku Britain yotchedwa Turner Prize, ngakhale kuti sanaipate. Chimene chimadabwitsa munthu woona ntchito zake koyamba n'chakuti zambiri mwa izo mulibe nkhope ya munthu, mulibe mtengo kapena nyumba, muli mizere yonenepa ndi zigawo za mitundu yosiyanasiyana basi. Funso langa ndi ili: kodi munthu amene watha zaka zoposa 50 akujambula mizere tinganene kuti wakwaniritsa chiyani?

A Mbewe: Zikomo Mayi Nachisale potiyambitsira nkhaniyi. Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani, choncho burashi ndi penti ndimakhala nazo tsiku lililonse, ndipo ndikulankhula monga munthu wa ntchito ya manja. Ndayang'ana zithunzi za bamboyu pa intaneti, ndipo kunena mosabisa mawu, ndaona ngati mabulangete opachikidwa pakhoma. Mzere si chinthu chovuta. Umamata tepi mbali ziwiri, n'kupaka penti pakati, ikauma n'kuchotsa tepiyo, ndipo mnyamata aliyense amene ndikumuphunzitsa ntchito amadziwa zimenezi mwezi woyamba usanathe. Kujambula nkhope ya munthu kuti achibale ake amuzindikire, pamenepo ndiye pali luso loti munthu angaliyeze. Koma mizere tiiyeza ndi chiyani? Ndikupempha amene akuona zoposa pamenepa atithandize.

Mayi Nabanda: A Mbewe, funso lanu ndi loyenera, koma ndikupempheni kuti musaweruze ntchitozi ndi zimene mwaona pa foni. Ine ndimakhala kuno ku Dublin, ndipo ndinaziona ndi maso ku Hugh Lane Gallery, pa Parnell Square, kumene mu 2006 anapatula chipinda chapadera chosungiramo zithunzi zimene Scully anapereka monga mphatso. Choyamba chimene foni imabisa ndi kukula kwake, pakuti zina ndi zazitali kuposa munthu woimirira. Chachiwiri n'chakuti mizereyo si yowongoka ngati ya pachikwangwani. Ukayandikira umaona kuti m'mphepete mwake ndi mokhotakhota, burashi inasiya mikwingwirima yake poyera, ndipo pamene zigawo ziwiri zakumana pamatsala kampata kakang'ono kamene mtundu wapansi umasuzumira. Pakati pa chigawo chakuda ndi chigawo chotuwa pamaoneka kachingwe kofiira kapena kachikasu, kosonyeza kuti pansi pa mdimawo anayamba wapakapo mtundu wowala. Ukabwerera m'mbuyo mapazi angapo, timipata timeneto ndi timene timachititsa kuti chithunzi chonse chioneke chowala kuchokera mkati. Pa foni zonsezi zimafafanizika, n'kutsala mabokosi okhaokha.

A Jere: Ndilowererepo pa nkhani ya tepi imene a Mbewe atchula, chifukwa mosadziwa akhudza pamene mbiri ya ntchito ya Scully inatembenukira. Ine ndimaphunzitsa zojambula, ndipo nkhaniyi ndimaikonda. Zoona zake n'zakuti Scully anagwiritsadi ntchito tepi kwa zaka zambiri. Mu 1969 anapita ku Morocco, kumene anachita chidwi ndi nsalu zamizere ndi makapeti a kumeneko, ndipo atabwerako anayamba kujambula mizere yambirimbiri yopingasana, yowongoka bwino, yopakidwa mothandizidwa ndi tepi. Chionetsero chake choyamba cha payekha chinachitikira ku Rowan Gallery mu London mu 1973. Atafika ku New York anapeza kuti kumeneko kukulamulira kajambulidwe kotchedwa Minimalism, kamene kankafuna kuti chithunzi chikhale chosalala, chopanda chizindikiro cha dzanja la wojambula, chosanena chilichonse chokhudza mtima wa munthu. Iye anatsatira njira imeneyo, moti zithunzi zake za kumapeto kwa m'ma 1970 ndi za timizere topyapyala, tamitundu yakuda yovuta kusiyanitsa.

Kusintha kunadza cha mu 1981. Anasiya tepi, n'kuyamba kupaka ndi dzanja lokha pogwiritsa ntchito maburashi aakulu, ndipo anabwezeretsa mitundu yowala. Chithunzi chimene chinalengeza kusinthaku ndi Backs and Fronts cha mu 1981, chimene ndi chotalika pafupifupi mamita 6 chopingasa, chopangidwa ndi zigawo zosiyana msinkhu zolumikizidwa pamodzi, chilichonse ndi mizere yakeyake, zina yoimirira, zina yogona. Chinaonetsedwa ku nyumba yoonetsera zaluso ya PS1 mu New York mu 1982. Kwa ife lero zingaoneke zazing'ono, koma panthawiyo kunali kupandukira anzake amene ankamuona ngati mmodzi wa iwo. Choncho, a Mbewe, mnyamata wanu wa tepi akuchita chimene Scully anachidziwa bwino n'kuchisiya mwadala.

A Mbewe: Aphunzitsi, mwafotokoza momveka. Komabe kusiya tepi pakokha si umboni wa luso, chifukwa ngakhale munthu waulesi amasiya tepi. Chimene chandigwira mtima ndi chimene anena Mayi Nabanda chokhudza mtundu wapansi. Ife olemba zikwangwani timadikira kuti penti yoyamba iume tisanapake yachiwiri, chifukwa ukapupuluma mitundu iwiriyo imasakanikirana n'kukhala matope. Ngati bamboyu amapaka mtundu pamwamba pa unzake usanaumitsitse, koma n'kutuluka chinthu choyera maonekedwe, ndiye kuti dzanja lake likudziwa kulemera kwa burashi ndi nthawi yoichotsera. Ndawerenganso kuti zithunzi zina amajambula pa aluminiyamu m'malo mwa chinsalu. Chitsulo ndimachidziwa: sichimwa penti, burashi imatsetsereka, ndipo ukalakwitsa pang'ono cholakwikacho chimaonekera patali. Ndikufuna kudziwa ngati anasankha chitsulocho pofuna kutsetsereka kumeneko kapena pofuna kuti zithunzi zikhalitse.

A Jere: Zimene mwawerengazo n'zoona, ndipo mwayankha nokha theka la funso lanu. Pa aluminiyamu penti yamafuta imakhala pamwamba, yonyezimira, ndipo kayendedwe ka dzanja kamaoneka kuchokera kumene kanayambira mpaka kumene kanathera. Zimenezi zimaoneka kwambiri pa gulu la zithunzi zotchedwa Landline, zimene zili ndi mizere yogona yokhayokha, yokumbutsa malire a mtunda, nyanja ndi thambo, ndipo zinaonetsedwa ku Hirshhorn Museum mu Washington mu 2018. Mzere uliwonse pamenepo ndi mkono wa munthu ukuyenda kuchokera mbali imodzi kupita mbali ina, mobwerezabwereza, penti ikadali yaiwisi.

Nachisale: Ndikufuna kuwonjezera mfundo imodzi imene kwa ine ndi yolemera kuposa nkhani ya zipangizo. Mu 1983, chaka chimene Scully anakhala nzika ya America, mwana wake wamwamuna dzina lake Paul anamwalira pa ngozi ya galimoto. Chaka chotsatira anajambula chithunzi chotchedwa Paul, chimene tsopano chimasungidwa ndi bungwe losunga zaluso la Tate ku Britain. Bambo wofedwa akanatha kujambula nkhope ya mwana wake, pakuti Scully anaphunzira kujambula anthu asanayambe za mizere. Iye sanatero. Anajambula zigawo zitatu zolumikizana, za mizere yolemera, chigawo china chotulukira kutsogolo kuposa zinzake. Ena anganene kuti popanda dzinalo palibe amene akanadziwa kuti ndi chithunzi cha maliro, ndipo ndikuvomereza. Koma nanenso ndimafunsa: kodi chisoni chili ndi nkhope yoti n'kuijambula? Kuyambira nthawi imeneyo mitundu ya m'zithunzi zake inada kwa zaka zingapo, ndipo munthu woona ntchito zake motsatana amaona kusinthako asanauzidwe chifukwa chake. Apa ndi pamene ine ndimaona kupambana kwake, kuti anatenga kajambulidwe kamene anthu ankati ndi kozizira, kopanda mtima, n'kukasenzetsa zinthu za moyo wa munthu.

A Mwale: Pepani kuti ndachedwa kulowa m'zokambiranazi. Ine vuto langa lili pena. Tikumutchula munthuyu kuti wojambula wa ku Ireland, koma anachoka m'dzikolo ali ndi zaka 4, anakulira ndi kuphunzira ku England, ali ndi unzika wa America, ndipo kuyambira 2002 mpaka 2007 anali pulofesa pa sukulu ya zaluso ya ku Munich, ku Germany. Kodi Ireland inamupatsa chiyani kupatula chikalata cha kubadwa? Ndikanakonda tikanakambirana za munthu ngati Colin Davidson, wobadwira ku Belfast mu 1968, amene mu 2015 anaonetsa ku Ulster Museum zithunzi 18 za anthu amene anataya abale awo kapena kuvulala pa nthawi ya ziwawa za ku Northern Ireland. Chionetsero chimenecho, chotchedwa Silent Testimony, chikulankhula za mbiri ya chilumbacho mwachindunji. Mizere ya Scully ikanatha kujambulidwa ndi munthu wa dziko lililonse.

Mayi Nabanda: Achimwene a Mwale, mfundo yanu imamveka ngakhale kuno, koma ndikuona kuti mukuiona mbiri ya Ireland mbali imodzi. Kusamuka ndi gawo lalikulu la mbiri ya dzikoli. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 mabanja ochuluka zedi anawoloka nyanja kupita ku England kukafuna ntchito, ndipo banja la a Scully linali limodzi mwa iwo. Kunena kuti mwana wa banja lotere si wa ku Ireland n'kufufuta anthu ambirimbiri amene umphawi unawachotsa kwawo. Ndiponso iye mwini sanasiye kudzitchula wa ku Ireland. Ndi membala wa Aosdána, bungwe limene dziko lino linakhazikitsa mu 1981 lolemekeza akatswiri a zaluso, ndipo mu 2015, pamene ankakwanitsa zaka 70, National Gallery of Ireland inamukonzera chionetsero. Mu 2005 anapita ku zilumba za Aran, kumadzulo kwa dzikoli, kukajambula ndi kamera mipanda ya miyala ya kumeneko, imene imamangidwa mosanjikiza miyala popanda simenti, moti kuwala kumadutsa m'mipata. Aliyense woona zithunzi zimenezo pambali pa ntchito zake za penti amaona ubale wake. Ndipo m'nyumba yomweyo ya Hugh Lane muli chipinda chogwiriramo ntchito cha wojambula wina wotchuka, Francis Bacon, chimene anachisamutsa chonse kuchokera ku London. Bacon anabadwira ku Dublin mu 1909 kwa makolo a Chingelezi, ndipo mzindawu umamuwerengera ngati wake. Za Davidson ndikugwirizana nanu kuti tidzamukambirane payekha, ndipo mudzaona kuti funso lakuti ndi wa dziko liti limabukanso kwa munthu wa ku Belfast, mwa njira ina.

A Jere: Ndithirirepo ndemanga pa nkhani ya mipanda, kuopa kuti tingapereke ulemu wonse kwa Aran. Gulu la zithunzi limene linamutchukitsa kwambiri, lotchedwa Wall of Light, linabadwira ku Mexico. Kumayambiriro kwa m'ma 1980 Scully ankapita kumeneko, ndipo anachita chidwi ndi makoma akale a anthu a mtundu wa Maya, makamaka mmene dzuwa linkasinthira maonekedwe a miyala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mu 1984 anajambula kachithunzi kakang'ono ka penti yamadzi n'kukatcha dzina limenelo, koma zithunzi zazikulu za penti yamafuta anadzaziyamba mu 1998, patapita zaka 14. M'zithunzizi mizere yaitali ija inasanduka zigawo zazifupi zosanjikizana ngati mmene womanga amasanjira miyala, ziwiri zoimirira, zitatu zogona, popanda chigawo chofanana ndendende ndi chinzake. Chionetsero cha zithunzi zimenezi chinayambira ku Phillips Collection mu Washington mu 2005, ndipo chinafika ku Metropolitan Museum of Art mu New York mu 2006. Choncho a Mwale akunena zoona kuti gwero la ntchitoyi si Ireland yokha. Morocco, Mexico ndi Aran zonse zilimo. Ine sindikuona kuti chimenecho n'chofooka.

A Mwale: Ndamva, ndipo pa nkhani ya kusamuka Mayi Nabanda ayankha mokwanira. Koma ndili ndi dandaulo lachiwiri, limene likubwerera ku funso la Mayi Nachisale. Wojambula akapeza njira imene ogula akuikonda, pamakhala chiyeso choti azingoibwereza. Zithunzi za Wall of Light zilipo zambiri zedi, ndipo ndikukayika ngati chilichonse mwa izo chinabadwa chifukwa cha kufunika kwa mumtima monga mmene chinabadwira chithunzi cha Paul. Munthu wokhala ndi malo ojambulira m'mayiko angapo, wokhala ndi zionetsero chaka ndi chaka, ayenera kutulutsa katundu wochuluka. Kodi titsimikiza bwanji kuti tikuyamikira luso, osati chizindikiro cha malonda chimene aliyense amachizindikira ali patali?

Nachisale: Limenelo ndi dandaulo lenileni, a Mwale, ndipo sindikuganiza kuti tingalithetse. Ndikukhulupirira kuti pakati pa zithunzi zochuluka chotero zilipo zina zofooka, monga zimakhalira ndi wojambula aliyense amene wagwira ntchito nthawi yaitali. Chimene ndikukana ndi chakuti iye anaima pamodzi. Taona kale kusintha kwa mu 1981 ndi kwa mu 1998. Palinso kusintha kwina kumene anthu ambiri sanakuyembekezere. Mu 2009 iye ndi mkazi wake, Liliane Tomasko, amenenso ndi wojambula, anabereka mwana wamwamuna dzina lake Oisín. Patapita zaka zingapo Scully anajambula gulu la zithunzi zoonetsa mwanayo akusewera pamchenga pa chilumba cha Eleuthera ku Bahamas, ndipo zinaonetsedwa ku nyumba yosungiramo zaluso ya Albertina mu Vienna mu 2019. Munthu amene dziko lonse linkamudziwa ndi mizere anabwerera kukajambula thupi la munthu ali ndi zaka zoposa 70. Wofuna kuteteza chizindikiro cha malonda sachita zotero. Ndipo ndikaika zithunzi zimenezi pambali pa chija cha mu 1984, ndimaona kuti mwana womwalirayo anamujambula ndi mizere, wamoyoyu anamujambula ndi manja ndi miyendo yake.

A Jere: Pa funso la zimene wakwaniritsa, pali zinthu ziwiri zimene sitinazitchule ndipo siziyenera kutsala. Mu 2014 ndi 2015 chionetsero chachikulu cha ntchito za moyo wake, chotchedwa Follow the Heart, chinachitikira ku Shanghai ndi ku Beijing, ndipo chinalandiridwa bwino ndi anthu a ku China, amene mbiri yawo ya zojambula ndi yosiyana kwambiri ndi ya ku Ulaya. Ichi chikuyankhako pang'ono funso la a Mwale, chifukwa chimene iwo akuchiona ngati kusasonyeza dziko lakwawo kwa wojambula ndi chomwecho chimene chimalola kuti zithunzizi ziwoloke malire popanda womasulira. Chachiwiri, chimene ine ndimachiona kukhala chachikulu, ndi tchalitchi cha Santa Cecília de Montserrat, pafupi ndi Barcelona, chimene chakhalapo zaka pafupifupi 1,000. Chitakonzedwanso, chinatsegulidwa mu 2015 chili ndi ntchito za Scully mkati mwake zokhaliratu. Iye anakulira m'Chikatolika, ndipo zithunzi za m'tchalitchi cha ku London kumene ankapita ali mwana ndi zina mwa zoyamba zimene zinamukopa. Kuti amonke a Montserrat alole zithunzi zopanda nkhope ya woyera mtima aliyense kukhala m'nyumba yakale chotero, ndiye kuti anaonamo kanthu koposa kukongoletsa khoma. Mu 2019 National Gallery ya ku London inaonetsanso ntchito zake moyang'anizana ndi chithunzi cha Turner, wojambula wakale wa ku England, m'nyumba imene kawirikawiri imasunga za akatswiri amene anamwalira kalekale.

A Mbewe: Mayina a nyumba zikuluzikuluzi sakundisuntha kwenikweni, aphunzitsi, chifukwa akuluakulu a zaluso amatha kugwirizana pa chinthu, ena onse n'kumangotsatira. Ine ndikadali pa mfundo yanga yakuti luso loyezeka ndi lofunika, ndipo ndikadzaona zithunzi za mwana wakeyo ndidzakhala ndi poyambira pomuyezera. Chimene ndachita lero ndi ichi: ndinatenga chidutswa cha lata chotsala pa ntchito, ndinapaka chofiira, ndipo chisanaume ndinapakapo chotuwa ndi burashi yaikulu, n'kusiya kampata kumapeto monga anafotokozera Mayi Nabanda. Mbali imene ndinakanikiza kwambiri inasanduka matope, mbali imene dzanja linapepuka chofiiracho chinatulukira bwino pansi. Kuchita zimenezi pa chinthu chachitali kuposa munthu, chigawo ndi chigawo, popanda kuwononga, si ntchito ya mnyamata wa mwezi umodzi. Ngati zimenezo zikukwanira kutchedwa luso lalikulu, pamenepo sindinafikebe.

A Mwale: Inenso dandaulo langa la kuchuluka kwa zithunzi likadalipo. Mayi Nabanda, popeza inu munaziona ndi maso, tiuzeni chinthu chimodzi: kodi zonse za m'chipinda chija zinakugwirani mofanana, kapena zilipo zimene munangodutsa?

Mayi Nabanda: Sizinandigwire mofanana ayi. Zilipo zimene ndinaimapo nthawi yaitali, makamaka zija za mitundu yakuda ndi yotuwa zokhala ndi kuwala pansi, ndipo zilipo zimene ndinangoziyang'ana kamphindi n'kupitirira. Mnzanga amene ndinapita naye anaima nthawi yaitali pa chimodzi mwa zimene ine ndinadutsa, ndipo titatuluka tinatsutsana mpaka pa siteji ya basi. A Mwale, mukadzatsegula zokambirana za Davidson mudzayambe ndi zithunzi 18 zija, chifukwa ndikufuna kumva a Mbewe akuyeza nkhope zimenezo ndi muyeso wawo.